Mkokomo Si Kuya kwa Mtsinje

Munthu akakuuza kuti ukukokomeza, sadakutche wabodza, komanso sadavomereze kuti wanena zoona. Wakuika pakatikati. Akuvomera kuti mbuzi idalowadi m'munda mwako, koma akukana zoti idatha munda wonse. Malo apakatikatiwa ndiwo andichititsa kulemba nkhani ino, pakuti ambiri a ife timakhala pamenepa tsiku ndi tsiku, kaya ndi pamsika, pamaliro, pamsonkhano wa chipani ngakhalenso mu ofesi, koma sitidzifunsa ngati tikuchita chabwino kapena choipa. Funso langa ndi ili: kodi kukokomeza ndi nsinjiro yokometsa chiyankhulo, kapena ndi bodza lomwe langosamba n'kuvala bwino?

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. M'kati mwa kukokomeza muli mneni wina, kukokoma. Chimene chimakokoma ndi chinthu cholira mwamphamvu mosalekeza, monga madzi otsika pamathithi, chimvula chikamabwera chapatali, kapena moto wolusa m'tchire louma. Phokoso lakelo ndiye mkokomo. Tsono Chichewa chili ndi njira yosiyanitsira chinthu chochitika chokha ndi chinthu chochititsidwa ndi munthu. Ng'oma imalira, koma woimba amailiza. Mtengo wa sopo umakwera, koma wamalonda amaukweza. Mtsuko umadzala, koma wotunga madzi amaudzaza. Chimodzimodzinso mtsinje umakokoma wokha, koma nkhani sikokoma yokha ayi. Pamafunika munthu woikokomeza. Liwuli likutiuza kale kuti kukokomeza ndi ntchito ya manja a wina, ndipo ntchito iliyonse ili ndi mwini wake woti aiyankhire.

Anthu a mitundu ina adalionera mbali zina khalidweli. Agiriki akale adalitcha hyperbole, kutanthauza kuponya chinthu mopitirira pomwe umafuna kulasa. Aroma ankati exaggerare, kutanthauza kuunjika mulu. Chingerezi chidabwereka mawu onse awiriwa. Tikaonetsetsa, Mgiriki ndi Mroma adaona kukokomeza ndi maso: wina adaona mkondo utapitirira, wina adaona mulu utakula. Makolo athu adakumva ndi khutu. Ndiyesa iwo ndiwo adalasa penipeni, chifukwa wokokomeza sawonjeza madzi mumtsinje. Amangowonjeza phokoso.

Amene amaudziwa mtsinje wa Shire amvetsa chimene ndikunena. Pa Liwonde, pomwe pali baraji yomangidwa mu 1965, mtsinjewu ndi wotakata ndipo umayenda mwaulemu ngati mkamwini watsopano. Mlendo akhoza kuupeputsa, osadziwa kuti m'menemo muli mvuu ndi ng'ona. Ukautsatira kumunsi kupitirira Matope, ukafika pamathithi a Kholombidzo, umayamba kuumva usadauone. Komatu madzi ndi omwe aja adadutsa pa Liwonde. Chasintha ndi miyala ndi kutsetsereka kwa malo. Nawo Rivirivi wa ku Utale amakokoma koopsa mvula ikagwa kumapiri a ku Ntcheu, koma pofika Okutobala ana amasewera pamchenga wake. Choncho mkokomo umatiuza kuti kutsogoloku kuli madzi, koma sutiuza kuya kwake. Wongomvetsera ali pakhonde, mkokomo umamukwanira. Wofuna kuwoloka ndi mwana kumsana amafuna ndodo yoyezera.

Tisanaweruze, tivomereze kuti chiyankhulo chathu chidabadwa ndi zida zokokomezera. Tikafuna kukuza chinthu timangoika chi kutsogolo: nyumba isanduka chinyumba, nsomba chinsomba, mvula chimvula. Tikaona kuti liwu limodzi lachepa timalibwereza: kalekale, kutalitali, kambirimbiri. Mvekero nazo zilipo zothandizira: usiku kumada bii, nsalu imayera mbee, maso amafiira psuu. Tikabwera ku zining'a ndiye musanene. Dzuwa la ku Balaka limaswa mtengo. Feteleza amaboola m'thumba. Mwana amene nsima yachedwa ndi ola limodzi amati wafa ndi njala. Wochokera kumsika wa Ntaja amati kudalibe poponda, chonsecho iye adapondaponda mpaka kugula zonse adatumidwa. Palibe amene amanyamuka kukafuna mtengo woswedwa ndi dzuwa, ndipo palibe amaitana anthu kumaliro a mwana wofa ndi njala uja.

Chifukwa chake n'chakuti pakati pa wonena ndi womva pali pangano losalemba. Wonena amawonjeza, womva amachotsera, ndipo onse awiri amakumana pa choonadi. Msodzi wa kwa Mposa, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akamasimba kuti adapha mlamba wonenepa ngati ntchafu ya munthu, anzake amaseka namufunsa kuti ntchafu yake ya yani. Iwo akudziwa kuti mnzawoyo sakupima nsomba. Akupima chimwemwe chomwe adali nacho poikoka. Wogula mpunga ku Nsanama akamalumbira kuti wangotsala ndi ya basi yokha, wogulitsa naye amalumbira kuti pamtengo umenewo ana ake agona ndi njala. Onse akudziwa kuti ndi gule chabe, ndipo akatsirizana amatsanzikana mwansangala. Apa palibe wanamizidwa.

Pangano lomweli limagwiranso ntchito chobwerera m'mbuyo, pakuti ife amene timadziwa kukokomeza timadziwanso kuchepetsa. Uthenga ukabwera kuchokera kumudzi kuti amayi akudwala pang'ono, mwana wodziwa mwambo sadikira kutha kwa mwezi, amakwera basi tsiku lomwelo. Mlendo akauzidwa kuti alowe m'nyumba amweko timadzi, amakapeza nsima ya nkhuku. Apa wonena wachotsera, womva akuwonjeza. Zikuonetsa kuti kuyankhula kwathu sikudalira mawu okha ayi. Kumadalira makutu ophunzitsidwa, odziwa polemera ndi popepuka.

Kukokomeza kwa mtundu uwu ine sindikupezera mlandu, ndipo ndikadakonda kuti kusathe. Pali zinthu zina zimene mawu oyezedwa bwino sangazinyamule. Pamaliro a gogo, mwini mbumba akaima n'kunena kuti mtengo waukulu wagwa ndipo ana atsala padzuwa, sakunama. Chisoni chake n'chachikulu kuposa mawu wamba, ndiye akubwereka mawu aakulu. Ngakhale mabuku oyera amachita chimodzimodzi. Fanizo la ngamira ndi diso la singano limapezeka m'Baibulo komanso m'Korani, moti kwathu kuno, komwe tchalitchi ndi mzikiti zimayang'anana, limalalikidwa mbali zonse ziwiri. Palibe mlaliki amene adabwerapo ndi singano kudzayesa. Fanizolo lidakokomezedwa dala kuti lisaiwalike. Munthu amene sakokomeza konse, amene ukamufunsa za ukwati wa mwana wake amangoti kudabwera anthu 143, akhoza kukhala woona mtima, koma kucheza naye kuli ngati kudya nkhwani wopanda nsinjiro.

Nanga vuto limayambira pati? M'kuona kwanga limayamba pangano lija likasweka, ndipo limasweka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi pamene womva waletsedwa kuchotsera. Yachiwiri ndi pamene womva alibe njira yodziwira kuti pali choti achotsere.

Njira yoyamba tidaiona m'nthawi ya chipani chimodzi. Kutamanda mfumu si chinthu chachilendo pakati pathu, ndipo wotamanda amayembekezeka kukokomeza. Koma pabwalo la kumudzi, anthu akatha kuombera mfumu m'manja amakhala pansi n'kuiuza pomwe yalakwitsa. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhazikitsidwa kukhala mtsogoleri wa dziko kwa moyo wake wonse. Taonani chimene Chichewa chidachita ndi udindowu: sichidati wa moyo wonse, chidati Wamuyaya, liwu lomwe m'mapemphero timasungira Mulungu yekha. Pamwamba pake padabwera Ngwazi, Mkango ndi Mpulumutsi. Chaka ndi chaka mtsogoleriyo ankayendera minda, naonetsedwa chimanga chobiriwira, nalengeza kuti anthu ake ali ndi chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba zosadontha. Mawu otere akadanenedwa ndi woimba pagule, womva akadachotsera mumtima mwake n'kupitiriza kuvina. Koma m'masiku amenewo kuchotsera poyera kudali mlandu wotsekeredwa nawo popanda kuzengedwa. Kukokomeza kudaleka kukhala nsinjiro, kudasanduka lamulo.

N'zochititsa chidwi kuti chimene chidathyola mkokomo umenewu si mkokomo wina woposa, koma mawu odekha. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe idasindikizidwa kwa a Montfort ku Balaka. Ine ndidali mwana wa pulayimale, ndipo chimene ndimakumbukira ndi akuluakulu akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, ife ana atatithamangitsa. Nditadzaiwerenga nditakula, ndidadabwa ndi kufatsa kwake. Idanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa, za ana odzazana m'makalasi, za zipatala zoperewera ndiponso za anthu oopa kuyankhula. Zonsezi aliyense ankaziona ndi maso ake. Komabe boma lidati kalatayo ndi youkira, maepiskopi adaitanidwa kupolisi, Monsignor John Roche adathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka ija idayatsidwa moto. M'dziko lozolowera mkokomo, wonena zinthu monga zilili ndiye amamveka ngati waphokoso. Patangotha miyezi 15, pa 14 Juni 1993, anthu adasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 Wamuyaya uja adagonja kwa Bakili Muluzi wa kwa Kapoloma ku Machinga, ndipo mu Novembala 1997 adamwalira ku Johannesburg monga amwalira munthu aliyense. Koma chizolowezi chotamanda mopitiriza sichidaikidwe naye m'manda. Patapita zaka, Bingu wa Mutharika nayenso adadzatchedwa Ngwazi.

Njira yachiwiri ndiyo imandikhudza kwambiri monga munthu wogwira ntchito m'boma, chifukwa imadzera papepala. Kukokomeza kwa pakamwa kumabwera ndi nkhope. Umaona kamseko m'maso mwa msodzi, umamva m'mene wakokera liwu, ndipo umadziwa kuchuluka kwa choti uchotsere. Koma nambala ilibe nkhope. Ikalembedwa m'lipoti, n'kudindidwa chidindo, imayenda yokha kuchoka kumudzi kupita kuboma, kuchoka kuboma kupita kulikulu, ndipo woilandira kumeneko sadziwa ngati idayezedwa ndi sikelo kapena ndi mantha a woilemba. Amaikhulupirira, namangapo mfundo zokhudza miyoyo ya anthu amene sadzawaona.

Amene adaona njala ya 2001 mpaka 2002 sangatsutse. Mu 2000 dziko lidakolola chimanga pafupifupi matani 2.5 miliyoni. Mu 2001 mvula idaononga, madzi adasefukira m'malo ambiri, ndipo zokolola zidatsika kufika pafupifupi matani 1.7 miliyoni. Kupereweraku kudadziwika. Koma ziwerengero za unduna wa zamalimidwe zidaonetsa kuti chinangwa ndi mbatata zachita bwino kwambiri kotero kuti zikhoza kutseka mpatawo. Ofufuza amene adadzalondola nkhaniyi pambuyo pake adapeza kuti ziwerengero za chinangwa ndi mbatatazo zidali zokokomeza. M'mabuku mudali chakudya, m'minda mudalibe. Maiko ndi mabungwe othandiza, omwe panthawiyo adali atakwiyanso ndi m'mene chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidagulitsidwira, adazengereza. Nkhokwezo, zomwe zidali ndi matani oposa 160,000, zidali zitapululidwa pafupifupi zonse. Ku ADMARC kilogalamu ya chimanga idachoka pa K5 kufika pa K17, ndipo kwa mavenda idapitirira pamenepo kutalitali. Anthu adadya gaga, zitsa za nthochi ndi mizu ya m'tchire, adagulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wotaya, ndipo ena adatsikira kuli chete. Mtsogoleri wa dziko adalengeza kuti kwagwa tsoka pa 27 Febuluwale 2002, galu wakuda atalowa kale m'midzi.

Sindikhulupirira kuti padali munthu mmodzi amene adakhala pansi n'kukonza zoti anzake afe. Kukokomeza kwa m'maofesi sikuyenda choncho. Kumayenda pang'onopang'ono. Woyeza kumunda amadziwa kuti bwana wake amakondwa ndi nambala yokwera, ndiye akakayika pakati pa ziwiri amasankha yapamwamba. Wolandira amaisalaza pang'ono kuti chigawo chake chisaoneke chotsalira. Wapamwamba amafuna kuonetsa kuti ndalama za pulojekiti zidabala zipatso. Aliyense wathira kamchere kochepa, koma mphika ndi umodzi, ndipo wodzadya ndi wina. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Dziko lolamulidwa ndi malipoti ndi dziko la akandimverere okhaokha, choncho ngati aliyense wa iwo awonjeza duwa limodzi, mfumu imalandira dimba la maluwa pomwe kumudzi kuli maliro. Ku China, pakati pa 1958 ndi 1961, mu ulamuliro wa Mao Zedong, akuluakulu a m'zigawo ankapikisana kulengeza zokolola zomwe kudalibe. Boma lidatenga gawo lake potsata manambala amenewo, ndipo anthu mamiliyoni ambiri adafa ndi njala. Kukula kwa tsoka n'kosiyana ndi kwathu, koma njira yake ndi yomweyo.

Patatha zaka khumi, nambala yokokomeza idaonekeranso, ulendo uno m'thumba la boma. M'chaka cha ndalama cha 2011 mpaka 2012 boma lidakonza bajeti yoti lidziyendetse ndi misonkho yake popanda kudalira thandizo lakunja. Mafuta a galimoto adasowa, ndalama zakunja zidasowa, koma malipoti ankati bungwe lotolera misonkho la MRA likutolera mopitirira muyeso. Kumayambiriro kwa 2012, phungu wa kummwera kwa Balaka, a George Nnensa, adaima m'Nyumba ya Malamulo nanena kuti bungweli lidakongola mabiliyoni a kwacha kumabanki kuti ziwerengero zioneke zokongola. Nduna ya zachuma, a Ken Lipenga, idakana. Mu Meyi chaka chomwecho, Bingu atamwalira ndipo boma litasintha, ndunayo idavomera kuti zimene adanena phunguyo zidali zoona, ngakhale idati iyo sidadziwe panthawiyo. Taganizani: ngongole idavekedwa malaya a msonkho. Wamalonda amene angawerengere ngongole ngati phindu timati wapenga, koma dziko lathunthu lidauzidwa kuti liombe m'manja.

M'nkhani zitatuzi muli chinthu china chofanana chimene sitiyenera kuchilumpha. Liwu loti “mukukokomeza” nalo likhoza kukhala chibonga. Maepiskopi adaoneka ngati okuza zinthu. Ansembe, mafumu ndi mabungwe amene adayamba kufuula za njala kumapeto kwa 2001 sadamvedwe msanga. Phungu wa ku Balaka adatsutsidwa poyera. Nthawi zonsezi amene adali kukokomeza zenizeni ndi amene adali ndi chidindo, koma mlandu wa kukokomeza udagwera amene adali ndi maso okha. Wamphamvu akakokomeza timati ndi lipoti. Wopanda mphamvu akanena zoona timati akukokomeza. Paja adati wamisala adaona nkhondo. Choncho tisanamuuze munthu kuti akukokomeza, tidzifunse ngati tapita kukayeza, kapena tangofuna kuti akhale chete kuti tigone bwino.

Wina anganene kuti, “Iwe ukuloza chala akuluakulu okha, nanga anthu akumudzi sakokomeza?” Amakokomeza ndithu, ndipo pantchito yanga ndimakumana nazo. Madzi akasefukira, kapena ikafika nthawi yolemba maina a olandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo, ndandanda zochokera m'midzi zimatupa. Tiyerekeze kuti m'mudzi mwagwa nyumba 40. Nyakwawa ikudziwa, potengera zaka zam'mbuyo, kuti ikalemba 40 thandizo lidzabwera la nyumba 20, ndiye imalemba 80. Wa mu ofesi naye akudziwa kuti ndandanda zimatupitsidwa, ndiye asadapite n'komwe kukaona amadula pakati. Chaka chotsatira nyakwawa imalemba 120. Ndani adayamba? Funsoli lili ngati kufunsa chidayamba n'chiyani pakati pa nkhuku ndi dzira. Chimene ndikudziwa n'chakuti pagule ameneyu wopwetekeka ndi nyakwawa yoona mtima, imene idalemba 40 yeniyeni n'kulandira 20. Anthu ake amaitcha yogona, ndipo chaka chamawa nayo imaphunzira.

Apa m'pamene funsoli limandivuta, ndipo sindifuna kulipeputsa. Kodi mayi wamasiye amene wauza alembi kuti sadadye masiku atatu, pomwe dzulo adadya phala, wachimwa? Mawu ake si oona. Koma akadanena kuti adadya phala dzulo, cholembera chikadamudumpha, ngakhale kuti m'nyumba mwake mulibedi ufa. Iye waphunzira kuti kumtunda kumamveka mkokomo wokha. Wosauka amakokomeza kuti amveke, wamphamvu amakokomeza kuti asafunsidwe. Zonse ziwiri zimapotoza choonadi, koma sindingaziike pasikelo imodzi. Ndipo pa mlandu wa mayiyu, gawo lalikulu ndi la ife amene tidamuphunzitsa kuti woyankhula motsitsa sathandizidwa. Khutu logontha ndilo limabala pakamwa pofuula.

Komabe ngakhale kukokomeza kwa wosauka kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi wosauka mnzake. Mawu ali ngati khasu: ukamalimira pamwala tsiku ndi tsiku limabuntha. Anthu a m'mbali mwa Chilwa amati “nyanja yauma” pafupifupi chilimwe chilichonse madzi akabwerera m'kati n'kusiya matope. Koma mu 1968 ndi mu 1995 nyanjayi idaumadi, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gonegone pouma. M'zaka zoterozo mawu aja amakhala oona ndendende, koma womva wa kutali, amene wawamva chaka ndi chaka, amachotsera monga mwa chizolowezi. Tikatcha vuto lililonse tsoka, msonkhano uliwonse wa mbiri, mtsogoleri aliyense mpulumutsi, tidzatchula chiyani likadzafika tsoka lenileni? Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera ndi kusiya oposa 600,000 opanda pokhala. Tsiku ngati limenelo munthu amafuna mawu olemera amene sadagwiritsidwepo ntchito pachabe, koma amapeza onse adatha kale pa zinthu zazing'ono. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Tsono yankho la funso langa lija ndi lotani? Kukokomeza pakokha si bodza, komanso si nthawi zonse pamene kuli nsinjiro. Chimasiyanitsa ndi womva. Ndisanawonjeze mawu, ndiyenera kudzifunsa mafunso atatu. Kodi wondimvayu akudziwa kuti ndikuwonjeza? Kodi ali ndi ufulu wochotsera popanda kuopa? Kodi alipo wina amene adzapimire ufa wake, mankhwala ake kapena mlandu wake pa mawu angawa? Ngati womva akudziwa, ali mfulu, ndipo palibe adzawoloke mtsinje podalira zonena zanga, ndikokomeze ndithu, macheza akome. Koma ngati ndili mboni pabwalo la milandu, namwino wolemba za wodwala, mlangizi woyeza munda, mtolankhani, mphunzitsi wolemba chiwerengero cha ana, kapena mlembi wa ndalama za mpingo, pamenepo mawu anga ndi ndodo yoyezera, ndipo kuiwonjeza kutalika ndi kumiza munthu. Nsinjiro imakoma m'ndiwo. Palibe amaithira m'botolo la mankhwala.

Udindo wina ndi wa ife omvera, makamaka amene tili ndi mipando, ngakhale ing'onoing'ono. Ngati tifuna kuti anthu aleke kutupitsa ndandanda, tiyambe ndife kupita kukawerenga nyumba zakugwazo, ndipo wolemba 40 yeniyeni alandire 40. Ngati tifuna malipoti oona, bwana aleke kukalipira wobweretsa nambala yotsika ngati kuti ndiye adaletsa mvula. Ngati tifuna atsogoleri omva, tiwatamande ndi mawu amene tingathe kuwabwereza iwo atachoka pampando. Ndipo ana athu tiwaphunzitse zonse ziwiri: kusimba nthano mokometsera madzulo, ndi kubwera ndi chenje chokwanira akatumidwa kugolosale m'mawa. Mwana wodziwa kusiyanitsa ziwirizi adzakhala wokoma pocheza naye, ndiponso woti n'kumusungitsa makiyi a nkhokwe.